Makalata a Omvera: Mchenga wa ku Senga Bay ndi Mafuta a M'nyanja

Moni omvera nonse, tikukulankhulani kuchokera muno mu Lilongwe. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Mchesi, amene apempha kuti tisawatchule dzina. Akuti:

"Zikomo achimwene. Mwana wanga anagula lole pangongole. Amatapa mchenga ku Senga Bay, anyamata ake amachita kulowa m'madzi mpaka m'chiuno ndi mafosholo, n'kukagulitsa kwa omanga nyumba ku Salima. Amfumu amawapatsa kangachepe paulendo uliwonse. Sabata yatha anamugwira, lole ili kupolisi, a banki nawo akufuna zawo. Kodi mchenga wa m'madzi uli ndi mwini? Walakwa chiyani mwana wanga?"

Pepani mayi, ngongole ndi mlandu zikagwera pakhomo limodzi tulo sitibwera. Koma sindikunamizani, mwini alipo. Lamulo la migodi la 2023 limawerengera mchenga pamodzi ndi miyala ndi golide, zonse ndi chuma cha dziko, kaya zili kumtunda kaya pansi pa madzi. Wokumba kuti agulitse ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma. Ndalama yopereka kwa amfumu ija si chilolezo ayi, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri akugwera m'mbuna. Khothi likamupeza wolakwa, angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kukakhala kundende, ndipo katundu amene anagwidwa naye akhoza kulandidwa. Palinso lamulo la zachilengedwe la 2017, limene amaliyang'anira a MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, ndipo limeneli lili ndi zilango zakezake.

Ine ndinakulira kunyanja, mayi. Ndaona maenje amene malole amasiya, gombe likudyeka, madzi akufika m'makonde mwa anthu. M'madzi osaya muja ndi mmene tiana ta chambo timakulira. Ndiye ndikumva chisoni ndi mwana wanu, koma sindinganene kuti lamulolo n'loipa. Asabise kanthu pamaso pa woweruza. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ndipo mlandu ukatha akayambire kukhonsolo ya Salima kufunsa za chilolezo.

Ina yachokera kwa mnyamata wa ku Area 25:

"Timamva zoti m'nyanja yathu muli mafuta. Kampani ikangobwera n'kuyamba kuboola, ndani angaigwire?"

Mafuta ali ndi lamulo lawolawo achimwene, la 1983, ndipo limaletsa kufufuza kapena kupopa popanda laisensi. Mukumbukira kuti mu 2011 boma linapereka laisensi yofufuzira kwa kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum. Apo ndi pamene mkangano wa malire ndi Tanzania unabukanso, ife tikuimira pa pangano la Heligoland la 1890, limene Britain ndi Germany anagwirizana za malirewo. Nkhawa yanga ine ili apa: lamuloli linalembedwa zaka zoposa 40 zapitazo. Mafuta atatayikira m'nyanja imene madzi ake amatulukira mumtsinje umodzi wokha wa Shire, usipa wa ku Nkhata Bay ndi mbuna za ku Cape Maclear angazibwezere ndani? Chindapusa chimene chingalize mwini lole, kwa kampani ya mafuta ndi ndalama ya tiyi chabe. Funsani phungu wa kwanu kuti lamulo latsopano la mafuta lili pati.

Mayi a ku Mchesi, mudzatilemberenso mlandu ukalowa m'khothi.