Makolo, musamalande makomiki a ana

Zikomo a mfumu, azibambo, azimayi, nanu achinyamata mwakhala kumbuyoko sendelani kuno muone bwino tsambali. Andipempha ndilankhuleko za timabuku tazithunzi tija, makomiki, a Superman, a Spider-Man ndi anzawo, poti makolo ambiri kuno ku Kawale mukampeza mwana ali nato mumangolanda mumvekere "zachibwana izi, katenge buku lakusukulu". Ine ndikuti musamalande, kumenekonso ndi kuwerenga.

Onani tsambali. Aligawa timabokosi, mumayambira kumanzere kupita kumanja kenako mutsike mzere wina, kupatula a ku Japan aja amati manga, amenewo amayambira kumanja. Mawu akakhala mkabaluni kokhala ndi kamchira koloza pakamwa ndiye kuti munthuyo akuyankhula, kabaluniko kakakhala ngati mtambo ndiye kuti akungoganiza mumtima. Kabokosi kamawu pakona apo ndi wofotokoza nkhani, yemwe pa nthano amati padangotelo.

Koma chomwe ndimafuna mugwire ndi kampata koyera aka kali pakati pa mabokosi. Bokosi loyamba mbava yakweza chikwanje, lachiwiri chikwanje chili pansi mbava yagwira nsagwada. Nanga chachitika pakatipo n'chiyani? Wojambula sanajambule ayi, wajambula ndi mwana wanu m'mutu mwake, ndipo tsamba lililonse akuchita zimenezo kangapo. Pa vidiyo sho amangokhala kukamwa yasa zonse amuchitira kale. Apa ayi, mutu ukugwira ntchito. Komanso poti makomikiwa ambiri ndi achizungu, mwana akakumana ndi liwu loti salidziwa chithunzi chimamunong'oneza tanthauzo, sathawa ngati mmene amathawira buku lamalemba okhaokha, ndiye mukudziwa nokha kuti mayeso a sitandade 8 ambiri amalemba mchizungu.

Mantha anuwa siachilendo. Ku America komweko mu 1954 dokotala wina, Fredric Wertham, adalemba buku lonena kuti makomiki akuononga ana, nkhani mpaka inakafika ku Senate, nyumba ya malamulo ya kumeneko, makampani n'kukhazikitsa malamulo awo otchedwa Comics Code oletsa izi ndi izo. Malamulowo adafa okha, pofika 2011 onse anali atawasiya. Komabe sindikuti chilichonse mwana awerenge, iyayi. Yang'anani pachikuto, pamakhala chizindikiro, T ndi ya achinyamata, mukaona MAX kapena Black Label amenewo ndi a akuluakulu, muli magazi ndi zina zoti mwana wa sitandade 4 asaone.

Mbiri yake mwachidule, Superman adatuluka 1938, adamupanga anyamata awiri Jerry Siegel ndi Joe Shuster, ndipo adagulitsa umwini wake ndi madola 130 basi, kampani n'kumadyerera mpaka lero. Inu achinyamata ojambula mumve bwino pamenepo, osamasaina pepala musanawerenge. Batman adabwera 1939, Wonder Woman 1941, onsewa ndi a kampani ya DC. Spider-Man ndi wa kampani ya Marvel, 1962, adamupanga Stan Lee ndi Steve Ditko.

Ineyo kunena zoona Superman amanditopetsa, munthu chipolopolo sichimulowa ndiye ndidandaule naye chani. Spider-Man ndiye wathu, mwana wamasiye woleredwa ndi azakhali ake, ndalama ya lendi imamuvuta, kuntchito abwana amangomukalipira, usiku akamenyana ndi zigawenga mmawa achedwe kukalasi. Mwana wa kuno akawerenga zimenezo sakuona za kumwamba, akuona munthu woti mphamvu ali nazo koma mavuto sanamuchoke, ndiye achita nazo chani mphamvuzo. Mfunseni zimenezo mwana wanu mukamadya nsima madzulo, mudzadabwa mmene angakambire.

Ena mumati ndi za azungu zokhazokha. Black Panther, mfumu ya dziko la Wakanda mu Africa, adatuluka 1966, filimu ija ya 2018 inangobwera pambuyo, ngakhale Wakanda ndi dziko longopeka musakalifune pa mapu. Storm wa mu gulu la X-Men mayi ake ndi a ku Kenya. Ndipo aku Africa akupanga awo, ku South Africa Loyiso Mkize adapanga Kwezi, ku Nigeria kuli kampani ya Comic Republic. Ndiye chikutiletsa ife n'chiyani, ana akujambula kale kumapeto kwa makope awo, mumawakalipira kuti akutha mapepala.

Amayi uko afunsa kuti tiwapeza kuti. Yambani ku National Library ku City Centre mukafunse kugawo la ana zomwe ali nazo, muzionanso kwa ogulitsa mabuku akale ku Old Town, nthawi zina amapezeka atasakanikirana ndi manovelo. Ena amawerengera pa foni koma bandulo ndiye imapita. Mukapeza nambala 47 musati ndidikire ndipeze nambala 1, mudzakalamba mukudikira, nkhanizi zakhala zikutuluka zaka zoposa 80, ingoyambirani pomwe mwapezapo tsamba loyamba nthawi zambiri limakumbutsa zomwe zidachitika. Mukamaliza bwerekanani, koma olo mutakondana bwanji lembani dzina la wobwereka, amasowa timabuku timeneti.

Ndabweretsa angapo ali patebulopo, ana ayambe ndi iwo kusankha, akuluakulu mudikire kaye. A tcheya, mafunso alipo?