Makalata a Omvera: Sitima Yoluma Njanji ndi Mano ku Mapiri a Andes

Takulandirani nonse kumene mwatchera khutu. Sabata yatha ndinangotchula modutsa za sitima yapamtunda imene inkawoloka mapiri a Andes pakati pa Argentina ndi Chile, ndipo makalata abwera ambiri. Yoyamba yachokera ku Balaka, kwa bambo wina amene anapuma pantchito yokonza njanji. Akuti:

"Achimwene, ine ndakalambira panjanji, ndipo ndikudziwa kuti sitima imaopa chitunda. Mvula ikangowaza, mawilo amazungulira pamodzimodzi mpaka athirepo mchenga. Tsono inu mukati sitima inkakwera mapiri aatali chotero, inkakwera bwanji? Mdzukulu wanga akuti n'zoona, ine ndikukana. Tiweruzeni."

Bambo, pepani, mlanduwu wakomera mdzukulu. Komabe kukayika kwanu n'kwa munthu wodziwa ntchito, chifukwa sitima wamba sikadakwera pamenepo. Njanjiyo inkatchedwa Trasandino. Inkachokera mumzinda wa Mendoza ku Argentina kukafika ku Los Andes ku Chile, mtunda wa makilomita 248. Pamwamba penipeni inkalowa m'ngalande yoboola phiri, yotalika makilomita atatu ndi pang'ono, pamalo okwera pafupifupi mamita 3,200. Nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002. Ndiye kuti anthu ankakhala pampando, chikwama pamiyendo, ali pamwamba kuposa Sapitwa.

Chinsinsi chake chinali mano. M'malo otsetsereka kwambiri, pakati pa njanji ziwiri zija ankayalapo chitsulo china cha manomano, ndipo kunsi kwa injini kunali giya yoluma m'manomo. Nzeru imeneyi inali ya injiniya wa ku Switzerland, Roman Abt. Mbali ya Chile kunali malo amene pa mamita 100 aliwonse njanji inkakwera pafupifupi mamita 8. Inu bambo mukudziwa kuti pamenepo mchenga sungathandize kanthu. Manowo ankagwiranso sitima potsika kuti isathawe ndi anthu, ndipo ine ndimaona kuti ntchito yaikulu inali imeneyo. Kukwera kukalephereka mumangoima, koma kutsika kukalephereka ndi maliro.

Amene anayambitsa ntchitoyi anali anthu awiri apachibale a ku Chile, Juan ndi Mateo Clark, omwe anali atadutsitsa kale waya wa telegalafu m'mapiri omwewo. Kumanga kunayamba mu 1887, ndalama zinawathera panjira, ena anapitiriza, ndipo sitima yoyamba inawoloka mu 1910. Zaka 23 kumanga makilomita 248! Ndikaganiza za anthu amene ankaswa miyala kumeneko, m'mphepo yozizira, mpweya uli wochepa m'chifuwa, mtima umandiwawa. Mayina a eni ntchito timawatchula, koma a ogwira piki ndi fosholo anatsala m'mapirimo. Bambo a ku Balaka, anthu amenewo anali anzanu.

Kalata yachiwiri yachokera ku Dedza, kwa mtsikana wa Fomu 4. Akuti: "Amalume, ngati sitimayo inali yodabwitsa chonchi, inalekeranji kuyenda? Ndani anailakwira?"

Mwana wanga, funso lako ndi labwino, ndipo wolakwa si mmodzi. Uyambe wadziwa chimene sitimayi inapatsa anthu. Isanabwere, wochoka ku Buenos Aires, likulu la Argentina, kupita ku Valparaíso, doko la ku Chile, ankatha masiku 11 panyanja, kuzungulira kumunsi kwenikweni kwa South America, kapena ankakwera nyulu n'kudutsa m'mapiri. Njanji itatsegulidwa ulendowo unakhala wa maola 36.

Koma inabadwa ndi chilema. Njanji zikuluzikulu za mbali zonse ziwiri zinali zotambalala, mamilimita 1,676, pamene ya m'mapiriyi inali ya mita imodzi yokha kuti izitha kukhota m'zigwa zopanikizika. (Yathu ya kuno ndi mamilimita 1,067.) Motero ku Mendoza aliyense atsike, katundu yense asamutsidwe, ndipo ku Los Andes chimodzimodzinso. Sitima ya mano imayendanso pang'onopang'ono ndipo sikoka mabogi ambiri. Ndalama zolowa zinkachepa, zokonzera zinkachuluka.

Ndiye panali phirilo. M'nyengo yozizira chipale chofewa chinkakwirira njanji, moti m'malo ambiri anachita kuimangira madenga. Mu 1927 mbali ya Chile anaikako magetsi kuti sitima zizikoka bwino. Koma mu 1934 madzi oundana amene anatseka mtsinje wa Plomo anaphulika, chigumula n'kutsika ndi mtsinje wa Mendoza, n'kukokolola njanji makilomita oposa 100 mbali ya Argentina. Sitima sinawolokenso mpaka 1944. Taganiza, zaka khumi anthu akuzolowera njira zina.

Kenaka andale. Cha m'ma 1978 maiko awiriwa anatsala pang'ono kumenyana polimbirana tizilumba ta ku Beagle, kum'mwera kwenikweni, ndipo sitima inaima kwa kanthawi. Mu 1979 inanyamula anthu komaliza. Mu 1980 anatsegula ngalande ya magalimoto ya Cristo Redentor pafupi ndi ya sitima ija, mabasi ndi malole n'kutenga malo. Sitima za katundu zinalimbikirabe mpaka 1984, pamene chigumukire cha chipale chinawononga njanji mbali ya Chile, ndipo palibe anaikonzanso.

Yachitatu ndi yaifupi, yochokera kwa dalaivala wa thiraki amene ali ku Johannesburg. Akuti: "Bwana, msewu suposa njanji kodi? Mukudandauliranji?"

Achimwene, pa liwiro msewu unapambanadi, sinditsutsa. Koma anzanu oyendetsa mathiraki ku Andes amakhala masiku pamzere chipale chikatseka msewu womwewo, choncho phiri silinagonje kwa iwonso. Chimene ine chimandikhudza n'chakuti ukadutsa pa Puente del Inca kapena Las Cuevas lero, umaona masiteshoni opanda anthu, milatho yachitsulo ya dzimbiri ndi madenga aja akugwa, pamene anthu anathera zaka 23 kuti zimenezi ziime. Kachigawo ka kumunsi mbali ya Chile, kuchokera ku Los Andes kupita ku Río Blanco, ndi kamene kanatsala kakunyamula miyala ya mkuwa ya kumgodi.

Bambo a ku Balaka, mutilemberenso, mutiuze chitunda chimene chinkakuvutitsani kwambiri panjanji yathu. Makalata otsala tiwerenga tikamva nyimbo iyi.