Usapake phula lakuda pa dzimbiri, mphwanga

Eya, mphwanga, ndi amalume ako kuno ku Leeds. Zithunzi zija ndaziona. Mazda MX-5 ya 2001, yofiira, yotsegula denga, wagula bwino ndithu. Koma chithunzi chimene ndimafuna sunanditumizire, cha kunsi kwake. Ndiye khala pansi umvetsere, uthengawu utalikirapo.

Kwathu galimoto imafa ndi maenje a mumsewu ndi fumbi. Kuno imafa ndi mchere. Kukangoyamba kuzizira, malole a khonsolo amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo ukasakanikirana ndi matope umakakamira kunsi kwa galimoto mpaka March. Tsono iyi wagulayi ndi yaifupi, mimba yake ili pafupi ndi msewu, chilichonse chimene matayala amwaza chimafika pachitsulo. Ntchito yoteteza kunsi kwake ku dzimbiri uigwire tsopano, August kapena September, kunja kukadali kouma.

Poyamba ikweze. Jeke ntchito yake ndi kukweza basi, si yogonera pansi pake. Uike zogwiriziza zachitsulo zinayi zija amati axle stand, pamalo a simenti osapendekeka, kenako uigwedeze ndi manja uone ngati yakhazikika. Mayi ako sindifuna kukawauza nkhani yoipa chifukwa cha jeke. Chotsa matayala onse, chotsa mapulasitiki a m'kati mwa madigadi ndi chipulasitiki cha pansi pa injini. Kuseri kwa mapulasitiki amenewo ukapeza dothi loti ukhoza kudzalapo mpiru.

Tsuka ndi madzi a mphamvu aja, uthireko sopo wochotsa girizi, utsukenso. Ukatero isiye masiku awiri kapena atatu m'galaja iume. Apa mpamene anyamata ambiri amalakwitsa, amafuna zonse zithe Loweruka limodzi. Ukapaka mankhwala pachitsulo chonyowa ndiye kuti madziwo wawatsekera momwemo.

Ikauma tenga tochi ndi kahamala kakang'ono. Gogoda pang'onopang'ono. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chowola chimangoti phu ngati ukugogoda katoni. Pa MX-5 malo ake ndi odziwika. Ma sill, kutanthauza mipanda ija ya pansi pa zitseko, makamaka kumbuyo kwake pafupi ndi tayala. Milomo ya madigadi a kumbuyo. Ndipo pa mtundu wakowu, umene unayamba kutuluka mu 1998, uyang'anitsitse njanji ziwiri za chasisi kutsogolo, m'mbali mwa injini. Pamenepo zitsulo anazisanjikiza, chinyezi chimalowa pakati, ndiye zimawola kuchokera m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Ukaona potupa, kanikiza ndi sikuludiraiva. Ikaboola, usadandaule kuti waononga, panali powola kale.

Pabowo sipafuna mankhwala, pamafuna wowotcherera. Adule chowolacho aikepo chitsulo chatsopano, ndipo zimenezi zichitike usanathire mafuta aliwonse, chifukwa mankhwala awa amayaka. Kumbukiranso kuti pa MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka kuja, dzimbiri lalikulu likapezeka pasanathe masentimita 30 kuchokera pomwe pamangidwa lamba wa pampando, sasipenshoni kapena chiwongolero, galimoto imalephera.

Tsono pamene pali dzimbiri la pamwamba chabe, pala. Bulashi ya waya yoika pa drill, m'makona sandipepa. Vala magalasi ndi chotchinga kumphuno, tiwaya timeneti timathothoka n'kuuluka. Pala mpaka zonse zofundukafunduka zichoke. Kenako paka mankhwala osandutsa dzimbiri, ine ndimagwiritsa ntchito Hydrate 80 ya Bilt Hamber, koma alipo ena. Amadetsa dzimbiri lotsalalo n'kuliumitsa. Werenga pachitini kuti udikire maola angati, ndiye upake penti yoyamba ya epoxy, pamwamba pake penti ya chasisi.

Apa ndiye pali nkhani imene ndakuimbira. Wina akuuza kuti gula phula lakuda lija la underseal, upake ponseponse, uthane nazo. Ukane. Galimoto yanga yoyamba kuno ndinagula kwa munthu wina, kunsi kwake kuli bii, kosalala, ine n'kumati ndapata. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Patatha chaka phula lija linayamba kusweka, nditalikoka linabwera ndi chitsulo chomwe, dzanja langa n'kulowa. Phula limenelo likakalamba limauma, limang'ambika, madzi a mchere amalowa pamng'alupo ndipo satulukanso. Iwe n'kumayenda mosangalala poti sukuona kanthu. Ine ndimakonda mankhwala oonekera m'kati, a mtundu wa sera, oti dzimbiri likayambanso ulione ndi maso. Ukafuna akuda, pokhapokha pachitsulo chimene wapala ndi kupenta wekha.

Usanapopere, phimba. Madisiki a mabuleki uwaveke majumbo n'kumanga ndi tepi. Ekizozi yonse uikulunge ndi nyuzipepala, ukamaliza usaiwale kuchotsa. Malamba a injini asakhudzidwe. Pansi yala makatoni, apo ayi eni nyumba akulipiritsa.

Kunja n'kosavuta, umangopopera mopyapyala kawiri. Ntchito yeniyeni ili m'mabowo, m'kati mwa ma sill ndi njanji za chasisi, poti dzimbiri la galimoto iyi limayambira kumeneko. Pamafunika sera yamadzimadzi yolowerera, monga Dynax S50, Dinitrol kapena Waxoyl, ndi kapaipi kaatali kamene kumapeto kwake kamamwaza mbali zonse. Chitinicho uchiike kaye m'ndowa ya madzi ofunda, osati pamoto, kuti sera isungunuke bwino. Zula timaraba totseka mabowo, lowetsa kapaipi mpaka kumapeto, ndiye uzipopera ukukoka pang'onopang'ono. Ukaona ikudontha m'timabowo ta pansi, yafika. Ikatha kudontha, tokosa timabowo timeneto ndi kawaya kuti tisatsekeke, ndi potulukira madzi.

Ndinatsala pang'ono kuiwala, ndipo ichi n'chachikulu. Denga la nsalulo madzi ake amatsikira m'mabowo awiri, kuseri kwa mipando, mbali iyi ndi iyo, n'kudutsa m'timapaipi mpaka pansi. Masamba akatseka timapaipi timeneto, madzi amasefukira m'ma sill, ndipo sera yako yonse ija siingalimbane ndi chithaphwi. Anthu a magalimoto amenewa amagula kabulashi kotsukira trombone, lipenga lija la bandi, n'kumakalowetsa mmenemo. Thira kapu ya madzi pamwamba, usuzumire pansi patsogolo pa tayala la kumbuyo. Akatuluka mothamanga, zili bwino.

Za oyilo wakuda wochotsa mu injini, ndikudziwa amakaniki ena kwathu amapaka, koma usayese. Amafewetsa maraba, amadonthera mumsewu, ndiponso si wabwino pakhungu. Ngati ukufuna chosavuta kupopera chaka ndi chaka, pali Lanoguard, yopangidwa ndi mafuta a ubweya wa nkhosa. Masiku oyamba galimoto imanunkha ngati khola, akazi ako adandaula, koma fungolo limatha. Imeneyo imafuna kubwereza chaka chilichonse.

M'nyengo yozizira, ukayenda pamsewu wa mchere, uzitsukako kunsi ndi paipi, makamaka m'milomo ya madigadi momwe matope amakhala. Mawa ukaweruka igwetse chagada foniyo, ujambule ma sill onse awiri ndi njanji za kutsogolo, unditumizire. Ndikaona ndikuuza ngati tikuyamba ndi bulashi kapena ndi wowotcherera. Upereke moni kunyumba.