Gawo 23: Pa Kapata tsopano akunditchula kuti a Sitandade

Moni nonse kulikonse kumene mukumvera. Mukamva agalu musadabwe, ndikujambulira panja kuseri kwa nyumba kuno ku Mchini, mu Chipata ku Zambia, chifukwa ana agona ndipo mayi awo andichenjeza kuti ndikadzutsa wamng'onoyu ndimubereka ndekha mpaka tambala woyamba. Ndinalonjeza kuti sabata ino tikamba za mtengo wa zitsulo ndi mmene makwacha awiriwa akuvinira, wa kuno ndi wa kwathu ku Malawi. Zimenezo ziyambe zadikira. Lachiwiri anandigwira.

Eetu, ine amene. Ine mphunzitsi wanu, amene ndakhala ndikukulalikirani pano kuti m'dziko la eni umayenda chonchi, umayankha chonchi, maso sugwetsa pansi. Zaka 9 mu Chipata muno popanda wondiloza chala. Sekani ndithu anyamata a pa Joni, ndikudziwa kuti mukuseka.

Inali cha m'ma 10 koloko, ndili chiweramire pa fulemu ya chitseko, magalasi kumaso. Ukamawotcherera suona china koma kamoto kako. Pamene ndimavula magalasi n'kuti anyamata awiri amene ndimagwira nawo atazimiririka kale, pakhomo pa shedi pataima aja ofunsa zitupa. Kapepala kanga kaja kondiloleza kukhala kuno kanatha mphamvu kalekale, nkhani yake mukuidziwa, sindibwereza. Koma mtima sunagunde ayi. Ndinadalira lilime langa, limene ndalisula ngati chitsulo zaka zonsezi. Ine sindinena kuti "ndikufuna", ndimati "nifuna". "Tsopano" ndinamusiya ku Mchinji, kuno ndi "manje". Ndikamagula tomato pa Kapata palibe mayi amene amandikwezera mtengo poganiza kuti ndine wobwera.

Amene anandifunsa anali mayi wachikulire ndithu, wofatsa, nkhope ngati ya azakhali ako.

"Atate, kwanu ni kuti?"

"Ni ku Vubwi, amai."

Mudzi, ndatchula. Mfumu, ndatchula. Reji, chitupa cha unzika wa kuno, ili kuti? Naiwala ku nyumba. Iwo akugwedeza mutu, akusisita fulemu yanga, akufunsa kuti geti ndimapanga ndalama zingati. Ine ndamasuka, m'mutu ndayamba kale kuwerengera phindu la getilo. Kenaka mongocheza: "Nchito muidziwa bwino. Sukulu munafika pati?"

"Sitandade 8, amai."

Abale anga. Sitandade, m'dziko la magiredi. Mawuwo anatuluka okha, ndiponso monyadira, chifukwa mayeso a Sitandade 8 ndinakhoza bwino ine, kungoti fizi ya ku sekondale inasowa. Mayi aja sanakalipe. Anangomwetulira, n'kundiyankha m'Chichewa chakumudzi chenicheni chopanda "ni" ngakhale mmodzi: "Tiyeni achimwene, kakwereni galimoto."

Ndisanapitirire, ndiyambe ndatula za abwana anga, chifukwa zikunditsamwa. Anabwera madzulo, analowa mu ofesi, zimene anakambirana sindinazione, ine ndinatuluka nditapatsidwa tsiku loti ndikhale nditakonza mapepala. Ndinawathokoza ndi manja awiri. Kutacha akundiuza kuti malipiro a mwezi uno apita, ndi theka la mwezi wamawa. "Nakuombola, boi." Boi! Munthu wa zaka 38, wa ana atatu. Ndikufunsa kuti ndione lisiti, akuti wathawa m'manja mwa ng'ona ukufunsa lisiti. Chimene chimandiwawa n'chakuti bambo omwewa kasitomala akabwera amandionetsa ngati ng'ombe ya pa chionetsero: "Uyu ni wa ku Malawi, aba anthu sagona pa nchito, sakuba." Pogulitsa geti Umalawi wanga ndi chidindo cha ntchito yabwino. Tsiku la malipiro Umalawi womwewo ndi mlandu. Chaka chatha pa Khirisimasi anachitanso zomwezi ndi nkhani ya magetsi, akuti masiku amene magetsi anazima sawerengedwa, ngati kuti madzi a ku Kariba ndinamwa ndine.

Tibwerere pa galimoto paja. Tinalipo 7, takhala pansi ngati matumba a chimanga, tikudutsa m'tauni anthu akutiyang'ana. Manyazi analipo, koma chimene chinandigwira kwambiri ndi funso lakuti anayankha uja ndani? Chifukwa ine amene ndimadzidziwa, wochenjera uja, sakanalakwitsa chotero. Anayankha ndi kamnyamata kena ka kabudula wong'ambika kumbuyo, kamene kanaona dzina lake pa mndandanda wa okhoza, kakuthamanga kukauza amayi ake kudimba. Ine ndinkayesa kuti kameneko ndinakasiya tsidya lija la Mwami. Kani kanali phee m'kati muno zaka 9, kudikira kuti wina akafunse za chinthu chimodzi chimene kamanyadira.

Ndipo za Vubwi zija si bodza lenileni. Agogo anga aakazi, mayi awo a amayi, anabadwira mbali imeneyo. Anangowoloka dambo kutsatira munda wabwino, osadziwa kuti asintha dziko. Pa Chichewa chathu mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mukatsata mwambo mizu yanga ili m'Zambia muno. Mukatsata pepala ndine mlendo. Malire amenewa amene anawalemba ndi Angerezi, ndipo mbali zonse ziwiri ankalamulira okha, Chipata akumutcha Fort Jameson, Mchinji akumutcha Fort Manning. Anangotsata mtunda wogawa madzi: mvula ikagwa mbali ino ipita ku Luangwa, ikagwa mbali iyo ilowa mu Bua mpaka kunyanja. Ndiye kuti chondisiyanitsa ine ndi mayi ondigwira aja ndi kumene kumalowera madzi a mvula. Pochoka ndinawafunsa mfunda wawo, akuti ndi a Naphiri. Ine ndine Phiri. Mlongo wanga anandikweza galimoto, ndipo sindingamunene, anagwira ntchito yake mwaulemu kuposa abwana anga.

Mu ofesi muja munali mdala wina wa ku Dedza amene anagwidwa akugulitsa mbatatesi. Iyeyo ndiye anatiseketsa. Akuti, ana inu mukulira chiyani, a Kaunda amene sanapulumuke. Ndipo n'zoona. Munthu analamulira dziko lino zaka 27, kuyambira 1964 mpaka 1991. Koma poti bambo awo, a David Kaunda, anachokera ku Nyasaland kukagwira ntchito ya Mulungu ku Chinsali, mu 1996 malamulo anasinthidwa kuti wofuna upulezidenti makolo ake onse akhale a m'Zambia, ndipo mu 1999 khoti ku Ndola linagamula kuti a Kaunda alibe dziko. Pambuyo pake chigamulocho chinagwa, ndipo atamwalira mu 2021 dziko lonse linawalira ngati tate wawo. Mdala uja akuti, ngati pepala linakana munthu amene nkhope yake inali pa ndalama, iwe wowotcherera ndiwe ndani? Tinaseka mpaka wapakhomo anatiuza kuti tichepetse.

Musaganize kuti kwathu ndiye kumandilandira ndi nthungululu. Mwezi wa June ndinapita ku maliro a malume. Ndangotsika kabaza, ana akufuula kuti kwabwera a ku Zambia. Pokambirana za bokosi ndinangoti "manje tichite bwanji", msuweni wanga n'kutembenuka: "Kuno kulibe manje, achimwene." Pa maliro, anthu kuseka. Ndalama ya bokosi analandira, imeneyo sinali ya chilendo, koma pokamba za munda wa malemu anati inu mumakhala kutali, simungazimvetse. Kutali! Kuchoka pano kukafika pakhomo pa amayi n'pafupi kuposa kupita ku Petauke. Usiku umenewo ndinagona pa mphasa m'khonde mwa amayi, utsi wa chikuni, fungo la nkhwani wotendera, ndinalira pang'ono, ndisaname. Mchombo wanga unakwiriridwa pamenepo. Koma m'mawa ndikugula sopo pa golosale ndinapezeka ndikusintha mtengo wake m'mutu kuupititsa mu kwacha ya kuno kuti ndidziwe ngati wadula.

Malo amodzi okha amene lilime langa limapuma ndi ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa August. Kumeneko mafumu a ku Malawi, a ku Mozambique ndi a kuno amadzagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, ndipo palibe amene amafunsa mnzake reji. Chichewa chimene ndimabisa chaka chonse pa Kapata, kumeneko ndiye cholemekezeka. Gule akalowa m'bwalo fumbi lili koboo, sungadziwe kuti wachokera mbali iti ya dambo. Pa nkhani ya chinthu chimene chimaoneka china kunja pamene m'kati... ayi, ndilekere pomwepo, za kudambwe sitikamba pa foni. Olowa andimva.

Tsopano inu achinyamata amene mwangofika kumene, kaya muli kuno, kaya ku Lusaka, kaya ku Tete, tcherani khutu, pano ndilalikira. Ine ndinakuphunzitsani molakwika. Ndinkakuuzani kuti sinthani lilime, sinthani mayendedwe, mukafunsidwa kwanu tchulani mudzi wa mbali ino. Zimathandiza, sindikana, zandidyetsa zaka 9. Koma sindinakuuzeni mtengo wake. Munthu wodzilondera pakamwa tsiku lonse amafika madzulo atatopa kawiri, kutopa kwa ntchito ndi kutopa kwa ulonda. Ukwiye, uyambe wasankha chilankhulo chokwiyira. Nyundo ikuphwanye chala, ukuwe "mayo" mwa kuno. Flames ikusewera ndi Chipolopolo, iwe uli m'bala, chigoli chalowa cha kwanu, ukuwerama ngati wataya ndalama pansi kuti asaone mano. Ine ndachitapo zimenezo, ndinakasekera kuchimbudzi. Ndipo pang'onopang'ono umayamba kumunyoza wakale uja. Ndinafika pomaseka anyamata ongobwera kumene akamati "ndithu" ndi "pepani" pa chilichonse, ndikumati achimidzi. Ndinkaseka amayi anga osadziwa.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nanga mame a zaka 9, okhala ndi mkazi wa ku Katete ndi ana atatu, akadali mame? Ana angawa ndi a kuno kawiri, pa pepala ndi pa mwambo, poti ndi mbumba ya alamu anga. Ine ndine mkamwini m'banja, mkamwininso m'dziko. Ndiye konzani mapepala anu, abale. Pepala silidziwa kuti ndinu ndani, koma mukakhala nalo m'thumba mutha kunena "tsopano" pakati pa msika popanda kucheuka. Ndalama imene mukuopa kulipira kumalire ndi yochepa poyerekeza ndi imene abwana anu adzakudyereni tsiku limene adzati anakuombolani. Pa Mwami pano kuyambira 2022 maofesi a mayiko onse awiri anawaphatikiza malo amodzi, sizilinso zoyenda uku ndi uku monga kale, ndiye chonamizira palibe. Ndikudziuza ndekha, musati ndikukunenani.

Usiku wa Lachiwiri lomwelo nditafika kunyumba, mayi a ana anandiikira madzi osamba osanena kanthu. Pa nsima ndinawafunsa kuti kodi inu mumandiona ngati ndani. Akuti, "Ndinu bambo a ana awa, idyani nsima izizira." Ndinafuna kukwiya kuti funso lalikulu chotere akuliyankha ndi nsima. Kenaka anawonjezera kuti iwo anadziwa tsiku loyamba lomwe ndinawafunsira kuti Vubwi ndi nthano, chifukwa ndikagona ndimabwebweta m'Chichewa cha ku Mchinji, ndipo ngakhale ndisanagone "nifuna" wanga amatuluka atavala jekete. Anthu onse a m'lainimu akudziwa, akuti, amangondisiya poti mageti anga sathyoka. Zaka 9 ndikudziyesa kazitape, kani ndikubisala kuseri kwa chala.

Wamkuluyu, wa giredi 4, anamva zonse. Akundifunsa kuti atate, Sitandade ni chani? Ndinamufotokozera, ndinamuuzanso za tsiku la mndandanda lija, ndi mmene agogo ake anaphera nkhuku. Ndinali ndisanamuuzepo, poopa kuti akakamba kusukulu.

Loweruka ndikukwera wa ku Mwami kukakonza zija, ndikadutsanso kwa amayi ndi shuga ndi mafuta ophikira. Za abwana sindinathane nazo. Mwezi uno ndiwagwirira poti pali mageti awiri a anthu amene anandikhulupirira ine, koma ukatha ndinyamula makina anga ang'ono aja. Amene akudziwa malo ofuna wowotcherera, kaya kuno kaya ku Katete, andipeze. Mukafika pa Kapata musavutike ndi dzina langa la ubatizo, anyamata othawa aja anafalitsa kale nkhani msika wonse. Ingofunsani kuti a Sitandade ali kuti. Dzulo kamwana kogulitsa mandasi kanaitana choncho kuchokera kutsidya kwa msewu, ndipo ndinatembenuka.