Chitsulo Chimayenda Osasungunuka

[Pa sikirini: kachubu ka mankhwala odzola]

Moni nonse. Taonani kachubu ka aluminiyamu aka. M'mbali mwake mulibe msoko ngakhale umodzi. Anakapanga bwanji?

Poyamba kanali kachitsulo kozungulira, kokhuthala, konga khobidi. Makina amakaika m'kadzenje ka chitsulo cholimba, kenako chinthu chonga munsi chimakagunda kamodzi kokha. Aluminiyamuyo, posowa kolowera, amakwera m'mbali mwa munsiwo ngati nsima yotulukira m'mipata ya zala mukaifinya. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 a Celsius, koma apa palibe ng'anjo iliyonse. Chitsulocho chayenda chili cholimba.

Mu 1864, katswiri wa ku France, Henri Tresca, ankasanja timapale ta mtovu n'kutikankha mwamphamvu kuti tidutse pabowo. Akadula pakati, ankapeza mizere ya timapaleto itapindika molondola bowolo, ngati madzi olowa m'ngalande. Chinsinsi chake chinadikira zaka 70.

[Pa sikirini: kapeti wamkulu pansi]

Maatomu, tizidutswa tating'onoting'ono kwambiri timene timapanga chitsulo, amakhala ondandalikana m'mizere. Kuti mzere wonse utsetsereke nthawi imodzi pangafunike mphamvu zoopsa, zoposa kutali zimene zimapinda chitsulo tsiku ndi tsiku. Mu 1934, Geoffrey Taylor, Egon Orowan ndi Michael Polanyi, aliyense payekha, anafotokoza kuti mizereyo ili ndi timalo tolakwika, totchedwa dislocation.

Yesani kukoka kapeti uyu yense, muthyoka msana. Koma pangani khwinya kumapeto kuno, muzilikankha ndi phazi mpaka likatulukire uko. Mwaona? Kapeti wasuntha pang'ono, inu osatuluka thukuta. M'chitsulo makwinya oterewa alipo osawerengeka, ndipo lililonse likadutsa limasuntha mzere ndi kampata ka atomu imodzi. Ine gawo limandikondweretsa ndi ili: chimene chimapangitsa chitsulo kukhala chothandiza ndi zolakwika zake zomwe.

[Pa sikirini: manja akupinda waya]

Tengani waya, mupinde n'kuwongola kangapo pamalo amodzi. Pamayamba kulimba, eti? Makwinya aja achulukana, akupingana, sakuthanso kuyenda. Mukapitiriza, wayayo amathyoka. N'chifukwa chake wosula amabwezera chitsulo pamoto: kutentha kumapatsa maatomu mpata wosanjikananso bwino, chitsulo n'kufewa, nyundo n'kuyambiranso ntchito.

Muvidiyo yotsatira tidzaona mmene amakokera mkuwa mpaka kukhala waya wamagetsi.