Ndalama za boma zosabweza: kozifunira ndi zoyenera kukonzeratu

Moni nonse pagulu lino, a tcheya, amayi ndi abambo. Ndine mlembi wanu uja. Ndasankha kulankhula m'malo molemba chifukwa nkhaniyi ndi yotalikirapo, komanso ena maso amavuta kuwerenga pafoni. Amene bando yachepa, mverani pafoni ya mnzanu.

Pamsonkhano wathawu mayi wina anafunsa kuti, kodi magulu anzathu amene tikuwaona akumanga nyumba zosungiramo mbewu, ena akulandira ng'ombe zamkaka, ndalamazo amazimva kuti? Ndafufuza, ndiye ndikuuzeni.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri, chifukwa apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Pali ngongole, pali grant. Ndalama za NEEF, ena mumaidziwa ndi dzina la MEDF, ndi ngongole. Mutenga, mubweza ndi chiwongoladzanja chake. Grant simubweza, koma sikuti amakuponyerani m'manja n'kuchoka, ayi. Imabwera ndi malamulo, ndipo kawirikawiri nanunso mumayenera kuikapo kenakake. Choncho mukamva chilengezo, funso loyamba likhale lakuti, izi n'zobweza kapena zosabweza?

Kwa ife alimi, khomo lalikulu ndi AGCOM. Ndi pulojekiti ya boma ya pansi pa Unduna wa Zamalimidwe, ndalama zake n'zochokera ku World Bank. Inayamba mu 2018, kenako kunabwera gawo lachiwiri, AGCOM 2. Mmene zakhala zikuyendera kwa magulu a alimi n'chonchi: pa mtengo wonse wa ntchito imene mwapempha, iwo amapereka 70 peresenti, inu 30 peresenti. Pa 30 yanuyo, 10 ikhale ndalama zenizeni za kubanki, 20 yotsalayo ikhoza kukhala zinthu kapena thukuta lanu, monga mchenga, miyala ndi ntchito ya manja.

Tiwerengere limodzi kuti zimveke. Tinene kuti tikufuna nyumba yosungiramo soya ndi sikelo yake, zonse pamodzi K50 miliyoni. AGCOM ingapereke K35 miliyoni. Ife K15 miliyoni, ndipo mwa iyoyo K5 miliyoni iyenera kuoneka mu akaunti. Mwaimva? K5 miliyoni imeneyo sipezeka m'sabata ziwiri. N'chifukwa chake ndakhala ndikukakamira nkhani ya masheya, ena mpaka kundiona ngati wovuta. Magulu ambiri amagwera pomwepa. Pempho lavomerezedwa, koma gawo lawo kulibe.

China, AGCOM safuna kungomva kuti timalima. Amafuna mubwere ndi wogula wodziwika, kampani kapena wamalonda wamkulu amene wagwirizana nanu polemba kuti azigula mbewu yanu kapena mkaka wanu. Venda wa sikelo wa pamsewu sawerengedwa. Ndipo ndalamayo ndi yogulira zinthu zokhalitsa monga nyumba, makina, thanki yoziziritsira mkaka. Si yogawana, si ya feteleza wa munda wa aliyense payekha.

Tsono mungadziwe bwanji kuti zenera latseguka? Paja ndalamazi sizikhala pa shelefu chaka chonse. Amalengeza kuti tumizani mapempho pofika tsiku lakuti, tsikulo likadutsa atseka, mudikire ulendo wina.

Malo oyamba ndi mlangizi wathu ndi ofesi ya zaulimi ya m'dera lathu, ya EPA ija. Makalata a unduna amatsikira kumeneko. Musadikire kuti mlangizi akupezeni kumunda, pitani mukamufunse, mwezi ndi mwezi. Kukhonsolo kulinso mkulu woona za ulimi wa bizinesi ndi wina woona zamalonda. Awiri amenewa tiwadziwe nkhope, iwonso atidziwe dzina la gulu. Mukafika kwa DC, imani kaye pabolodi la zidziwitso muwerenge, ambiri timangolidutsa.

Malo achiwiri ndi nyuzipepala, The Nation ndi The Daily Times. Zilengezo zoitana mapempho zimatuluka m'masamba a zotsatsa malonda, m'Chingerezi, zilembo zing'onozing'ono. Ndikupempha aphunzitsi amene ali m'gulu lathu, ndi anyamata athu a ku tawuni, mukaona mawu akuti call for proposals kapena call for concept notes, jambulani mutumize pano tsiku lomwelo. Wailesi nayonso, MBC ndi Zodiak, makamaka mapulogalamu a zaulimi. Masamba a Facebook a unduna ndi a khonsolo amathandiza, bola mutsimikize kuti tsambalo ndi lenileni.

Si AGCOM yokha. Pali pulogalamu ina ya zaulimi ya TRADE, yothandizidwa ndi IFAD, bungwe la padziko lonse lotukula ulimi, koma iyoyo ili ndi maboma ake ndi mbewu zake zimene inasankha, ndiye funsani kaye ngati dera lathu lilimo. Ana athu oimba ndi ochita zisudzo azitchera khutu ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, kuli thumba la Copyright Fund limene limaitana mapempho. A kafukufuku m'makoleji, awo khomo lawo ndi National Commission for Science and Technology. Za mlatho, mjigo kapena chipinda cha sukulu, zimenezo ndi za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, ndipo njira yake ndi ya ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kenako komiti ya chitukuko ya dera, ADC, mpaka kukhonsolo. Musasakanize.

Tsopano zoti tikonzeretu zenera lisanatseguke. Satifiketi ya kopaletivi yathu, yochokera kwa mkulu wa kaundula wa makopaletivi ku Unduna wa Zamalonda, ikhale pafupi ndi mafotokope ake. Akaunti ya kubanki ikhale m'dzina la gulu, osati la msungichuma, ndipo izioneka kuti ikuyenda. Nambala ya msonkho ya ku MRA, TPIN ija. Mndandanda wa mamembala ndi manambala a ziphaso zaunzika, amayi ndi achinyamata aoneke bwino chifukwa amayang'ana zimenezo. Maminitsi a misonkhano. Ndipo chimene chimatisowa kwambiri, mabuku a zokolola ndi malonda: tinakolola matumba angati chaka chatha, tinagulitsa kwa yani, pamtengo wanji. Popanda manambala amenewa pempho limangokhala nkhambakamwa.

Chomaliza chikundiwawa mtima. Chaka chatha mlamu wanga anaimbiridwa foni ndi munthu wodzitcha bwana wa ku likulu, akuti gulu lawo lasankhidwa, atumize ndalama ya fomu pafoni. Anasonkherana amayi okhaokha, natumiza. Kuyambira tsiku limenelo nambala ija sipezeka. Amayi aja anagulitsa nkhuku kuti apeze ndalamayo. Chonde, munthu akakuuzani kuti mulipire kuti dzina lanu lilowe, kapena kuti ali ndi wachibale mkatimo, dulani foni mukafunse kwa mlangizi kapena kukhonsolo. Gawo lathu la 10 peresenti lija limalowa mu akaunti ya gulu lathu lomwe, osati m'foni ya munthu.

Lachinayi tikumane pamalo pathu paja 2 koloko masana. A msungichuma, bwerani ndi buku la masheya ndi sitetimenti ya kubanki. A tcheya, satifiketi ija. Aliyense abwere ndi chiphaso chake ndi chiwerengero cha matumba amene anakolola. Amene alibe foni, oyandikana nawo muwauze. Zikomo.