Amene anagulitsa Tom anali munthu waulemu

Zikomo afumu, zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyonu sendezani, mphepoyi ikundilanda mawu.

Mwamva za bambo uja anafika pamsika sabata yatha, wa nsapato zosongoka uja, n'kumalemba mayina a atsikana kuti akawapezera ntchito kunja. Enanu munamuyalira mphasa, musawerame. N'chifukwa chake ndanyamula bukuli, Uncle Tom's Cabin, lolembedwa ndi mayi wa ku America, Harriet Beecher Stowe. Linatuluka mu 1852, ndipo chaka choyamba chokha anthu kumeneko anagula mabuku 300,000.

Mayiyu anakhalapo ku Cincinnati, m'mbali mwa mtsinje wa Ohio. Tsidya linalo ndi Kentucky, kumene anthu akuda ankagulitsidwa ngati mbuzi. Mu 1849 kamwana kake kanamwalira ndi kolera. Mu 1850 boma linakhwimitsa lamulo loti kapolo wothawa azigwidwa n'kubwezedwa, ngakhale atafika kumadera kopanda ukapolo. Chisoni ndi mkwiyo n'zimene zinamugwiritsa cholembera.

Tsono tcherani khutu. Amene anagulitsa Tom, kapolo wa m'bukumu, sanali chilombo ayi. Anali bwana wake, Shelby, munthu waulemu, womukhulupirira Tomyo, koma wangongole. Ngongole itamufika pakhosi, anagulitsa Tom pamodzi ndi kamnyamata Harry. Mayi wa Harry, Eliza, anaimva nkhaniyo atabisala. Usiku womwewo ananyamula mwana n'kuthawa, mpaka kuwoloka Ohio akulumpha pa madzi oundana, mapazi ali magazi. Wogulitsa munthu amakhala womudziwa. Mwamva? Womudziwa.

Ee achimwene, mwakweza dzanja. Mukuti pa Facebook dzina loti Uncle Tom ndi chitonzo? Zoona. Anthu akuda a ku America amatchula choncho munthu wonyambita mapazi a azungu. Koma zambiri zinachokera ku zisudzo, zomwe anthu ankapanga zaka zambiri osapempha kwa mwini buku, n'kumusandutsa Tom nkhalamba yogwadagwada. Tom wa m'bukumu ndi bambo wamphamvu. Mbuye wake womaliza, Simon Legree, atamulamula kukwapula mayi wina, kapolo mnzake, iye anakana. Atamufunsa komwe amayi awiri othawa abisala, anatseka pakamwa mpaka kumenyedwa n'kufa. Komabe sindikulikometsera bukuli. James Baldwin, mlembi wakuda wa ku America, analidzudzula mu 1949, ndipo inenso pena limanditopetsa, misozi yachuluka, ndiponso anthu akuda amawaonetsa ngati ana. Koma linagwedeza dziko. Nkhondo yapachiweniweni inayamba mu 1861, ukapolo n'kuthetsedwa mu 1865. Kwathu kuno nthawi imeneyo a Jumbe, ogulitsa akapolo, anali akuwolotsabe anthu panyanja ku Nkhotakota, ndipo ambiri ankaperekedwa ndi anthu a khungu ngati lathuli. Womudziwa.

Amayi a kumtengoko, za mtengo wa tomato mukamba tikatha. Ndikuona dzuwa lapendeka, ndithamange. Wolonjeza ntchito kunja mufunseni kalata, mukaionetse ku ofesi ya zantchito. Pasipoti isachoke m'manja mwa mwini wake. Akati ndalama ya ndege mudzabweza mukafika, imeneyo ndi ngongole ya Shelby, kanani. Za atsikana athu ovutika ku Oman munazimva pawailesi. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu lilipo kuyambira 2015, ndiye kanenani kupolisi, ngakhale akhale malume ake a mwanayo.

Bukuli ndilisiya kwa alembi a komiti. Chingerezi chake n'cholimba, muziwerenga awiriawiri. Wobwereka abweze, si fodya wopichira.